Moni wa panjira ku Lifidzi: zimene zimaoneka tikayang'anitsitsa anthu pagulu

Kodi pali nzeru yanji poyang'ana anthu akupatsana moni, akutsatsana malonda kapena akudikira pachigayo?

Nzeru ilipo, ndipo ndi yochuluka. Anthu akamva za maphunziro a kakhalidwe ka anthu, amene kusukulu zaukachenjede amawatcha sociology, amaganiza za kalembera, ziwerengero za umphawi ndi malipoti a boma. Zimenezo n'zofunika, koma pali nthambi ina ya maphunzirowa imene imayambira pansi penipeni. Imafunsa kuti ndani wayamba kupereka moni, ndani wakhala pampando pamene mnzake ali pamphasa, ndani wakweza mawu, ndani wapatuka panjira. Mfundo yanga ndi yakuti tinthu timeneti si tokometsera moyo chabe. M'menemo ndi mmene anthu amagawirana ulemu, kukumbutsana ngongole, kuyeza mlendo ndi kusunga mtendere tsiku ndi tsiku popanda wapolisi kapena kalata. Malamulo a dziko amalembedwa ku Maputo, koma munthu wa ku Lifidzi amadziwira malo ake m'dzikolo pa zimene zimamuchitikira pamsika, pamjigo, pabwalo la tchalitchi ndi pakhomo la ofesi.

Wina angati nzeru zimenezi n'zobwera, za azungu oyang'ana mizinda yawo. Koma mbali yaikulu ya njira imeneyi inakulira kuno kwathu ku Africa. Mu 1938 Max Gluckman anakhala nawo pamwambo wotsegulira mlatho ku Zululand, ndipo analemba za tsiku limodzi lokhalo: amene anabwera pagalimoto, amene anaima tsidya ili ndi tsidya linalo, amene anamwa tiyi ndi amene anamwa mowa. Kuchokera pamenepo anaonetsa mmene azungu ndi Azulu analili olekanitsidwa koma omangidwa m'dongosolo limodzi. Mnzake J. Clyde Mitchell, wa ku Rhodes-Livingstone Institute m'dziko limene lero ndi Zambia, anatulutsa The Kalela Dance mu 1956. Anaonerera gule wa anyamata ogwira ntchito ku Luanshya, zovala zawo zosita bwino ndi nyimbo zawo zoseka mitundu ina, n'kufotokoza mmene anthu ochokera kutali amazindikirirana m'tauni ya migodi. Onsewa anayamba ndi maso, ziwerengero zinabwera pambuyo.

Nanga bwanji Lifidzi, osati mzinda waukulu ngati Tete kapena Lilongwe?

Chifukwa pamalo amenewa mbiri zingapo zinaunjikana, ndipo zonse zimaonekera pagulu. Lifidzi ali m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete, kumtunda kozizira kumene kumachokera mbatatesi, chimanga, nyemba ndi kabichi. Eni nthaka akale ndi Achewa. M'zaka za m'ma 1800 Angoni a Maseko anadzakhazikika cha kuphiri la Domwe, ndipo dzina la Angónia linachokera kwa iwo. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linadula dziko limodzili pakati, kotero kuti mpaka lero msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire enieniwo m'malo ambiri, abale ali uku ndi uku. Ansembe a chipani cha Ajezuiti anatsegula mishoni ya Francisco Xavier Woyera ku Lifidzi chaka cha 1910 chisanafike, analamulidwa kuchoka ufumu utagwa ku Portugal m'chaka chimenecho, ndipo anabwereranso mu 1941. Kenako kunabwera ufulu wa 1975, ulamuliro wa Frelimo ndi nkhondo. Choncho munthu mmodzi amene mwakumana naye panjira angathe kukhala Mngoni pa mfunda, Mchewa pa chilankhulo, Mkatolika Lamulungu, nzika ya Mozambique pa chitupa, ndipo m'thumba mwake muli makwacha pamodzi ndi ndalama za metical. Sanena zonsezi nthawi imodzi. Amatulutsa chimene malowo akufuna, ndipo luso lodziwa chotulutsa ndi chosunga ndilo tikuliyang'ana.

Kodi moni umagwira ntchito yanji? Si mwambo chabe?

Erving Goffman, katswiri wobadwira ku Canada, anafotokoza m'buku lake la mu 1963, Behavior in Public Places, ulemu wa m'mizinda ikuluikulu. Anthu awiri osadziwana akamadutsana amaponyerana diso pang'ono kusonyeza kuti aonana, kenako aliyense amayang'ana kumbali kuti asamuvutitse mnzake. Kumeneko kusalowerera ndiko ulemu. Kumidzi ya Angónia n'zosiyana kotheratu. Wodutsa osalankhula amaoneka wonyada, wodwala mumtima, kapena woti ali ndi chimene akubisa. Kusiyanaku sikuchokera pakuti ena ndi abwino mtima kuposa anzawo. Munthu wa mumzinda amadutsana ndi anthu zikwizikwi amene sadzawafunanso. Munthu wa kumudzi amadutsana ndi amene adzakumba manda ake, adzamubwereka ngolo, adzamunyamulira wodwala kuchipatala usiku. Moni ndi chikole chaching'ono chimene amapereka lero pa thandizo la mawa.

Tayang'anani moniwo pafupi. Sutha ndi "Mwadzuka bwanji?" ndi "Ndadzuka bwino, kaya inu?" Umapitirira: kunyumba kwacha bwanji, ana adzuka bwanji, ulendo wakuti. Mayi amatsitsa bondo pang'ono ngakhale ali ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Bambo amawomba m'manja mofatsa, zikhato zili zopinda, kapena amagwira dzanja lamanja ndi lamanzere popereka chanza. M'mphindi ziwiri zokha amva kuti wakutiwakuti wagonekedwa, kuti kumudzi wakuti kwagwa zovuta, kuti magalimoto ogula mbatatesi afika. Ngati ndi mlendo, amamufunsa mudzi wake ndi mfunda wake, ndipo akangomva kuti ndi Phiri, Banda, Mbewe kapena Ngozo, amamupezera malo: uyu ndi m'bale, uyu ndi msuweni woseka naye, uyu ndi wa kuchimuna. Mayi amene amuitana kuti Nangozo kapena Naphiri pagulu wapatsidwa ulemu woposa wa dzina lake laubatizo, chifukwa amutchula pamodzi ndi makolo ake. Pakhomo dongosolo lake ndi lina. Mlendo amaodira, amapatsidwa pokhala, kenako eni nyumba amabwera mmodzimmodzi kudzamulonjera. Amene wabwera msanga ndi amene wachedwa kutuluka m'nyumba anena kale za ubale umene ulipo, mawu asanayambe.

Umboni waukulu uli pamaliro. Masamba akaikidwa pamsewu, wanjinga amatsika n'kuyamba kuikankha, wachipewa amavula, wawailesi amatseka. Palibe amene anawalembera lamulo limeneli, komabe limamveredwa kuposa malamulo ambiri olembedwa. Ndipo anthu amaona. Amadziwa amene anabwera kudzagona pasiwa, amene anangoonekera pamanda n'kuthawa, ndi amene sanabwere konse. Tsiku limene zovuta zidzagwere pakhomo la wojombayo, adzukulu angathe kuchedwa dala ndi makasu awo. Chilango chimenechi n'chowawa kuposa chindapusa cha kwa mfumu.

Kodi kumeneku si miseche yovala jekete?

Ayi, ngakhale ngozi yake ilipo. Wamiseche amafuna kudziwa kuti ndani wachita. Woyang'ana kakhalidwe ka anthu amafuna kudziwa chimene chimachitika mobwerezabwereza, posatengera dzina la munthu. Sizimukhudza kuti mayi wakuti sanalonjere apongozi ake. Chimamukhudza n'chakuti n'chifukwa chiyani mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapatukirana panjira pamene asuweni amanyozana pagulu popanda kukwiyitsana. Komabe dera limene linaonapo nkhondo limadziwa kuti munthu woima pambali ndi kope m'manja angathe kukhala kazitape. Woyang'ana ayenera kudziwika kwa mfumu, asalembe mayina, asajambule anthu asanapemphe, ndipo avomereze kuti pali zina, monga za kudambwe kwa Gule Wamkulu, zimene si za maso a aliyense.

Pamsika ndalama ndi zimene zimalamula. Ulemu ukulowa pati?

Wotsutsa uyu ali ndi mfundo, ndipo sindiipeputsa. Mtengo wa ndowa ya mbatatesi suchokera pa moni. Umachokera pa mtengo wa feteleza, pa kuchuluka kwa zokolola, pa msewu, pa mphamvu ya kwacha poyerekeza ndi metical, ndi pakuti mlimi alibe posungira katundu wowola msanga. Mlimi angalonjere mwaulemu chotani, ngati magalimoto afika ochepa ndipo ogulitsa ali ambiri, agulitsa motchipa basi.

Koma msika wopanda malisiti, wopanda makhoti apafupi, umayenda bwanji? Umayenda pa kudziwana. Mayi wogulitsa tomato amaunjika milu yake, wamkulu pamwamba, ndipo wogula akalipira amamuponyera awiri a basela. Basela ameneyo si chifundo chabe. Akumanga kasitomala, ndipo wolandirayo akudziwa kuti sabata yamawa kudutsa pamenepo osaima kudzakhala kochititsa manyazi. Wogula amene anayamba ndi moni, n'kufunsa za ana, angathe kutenga katundu pangongole. Amene anangofika n'kuloza ndi chala kuti "zingati?" amauzidwa mtengo wa mlendo. Kunenerera nakonso kuli ndi malamulo ake. Wogulitsa amatchula mtengo wokwera akudziwa kuti utsika, wogula amachita ngati akuchoka, wogulitsa amamuitana kuti "bwerani, achimwene, tikambirane," ndipo onse amasiyana palibe wonyozeka. Goffman, m'buku lake lina lotchuka, The Presentation of Self in Everyday Life, anayerekeza moyo wa pagulu ndi sewero lokhala ndi bwalo loonekera ndi kuseri kokonzekerera. Pamsika kuseri kuli pomwepo, pamene ogulitsa awiri oyandikana amanong'onezana mtengo wa lero, amasinthitsana ndalama zing'onozing'ono, wina n'kumuyang'anira mnzake katundu akapita kukayamwitsa.

Ndipo ngakhale pamene ndalama zikulamuladi, maso amatithandiza kuona ulamulirowo. Onani amene wakhala pansi pafupi ndi sikelo ndi amene waima padzuwa kudikira. Onani amene amawerenga manambala mokweza ndi amene amangovomera, amene ndowa yake iyenera kudzaza mpaka kusefukira. Lipoti la zamalonda lidzanena mtengo wa pa kilogalamu. Silidzanena kuti mlimi wachikulire anatchula mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wake kuti "bwana".

Nanga chilankhulo? Anthu amasankha bwanji pakati pa Chichewa ndi Chipwitikizi?

Apa ndi pamene boma limaonekera pakamwa pa munthu. Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma la Mozambique. Chichewa, chimene m'makalata a boma amachitcha Cinyanja, ndicho cha pakhomo, pamsika, pamaliro ndi m'nyimbo za m'tchalitchi. Bambo amene pabwalo la milandu amalankhula mpaka anthu kuwomba m'manja angathe kufika pakhomo la ofesi ku Ulónguè n'kusanduka wachete, chipewa chili m'manja, akudikira mwana wasukulu kuti amumasulire. Pamenepo dongosolo la msinkhu latembenuka, wamng'ono ali patsogolo, wamkulu ali kumbuyo. Wantchito wa boma amene wayankha "Bom dia" kenako n'kupitiriza m'Chichewa wamuchotsera munthuyo katundu wolemera. Amene akudziwa Chichewa koma n'kuumirira Chipwitikizi waika mpanda, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Boma linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 maphunziro oterewa analowa m'dongosolo la sukulu za pulaimale. Ndi chinthu chabwino, koma phindu lake lidzaoneka pamene gogo adzathe kufotokoza matenda ake kapena mlandu wa munda wake popanda womuimira pakati.

Mipando ya pamisonkhano imanenanso mbiri yomweyi. Ufulu utabwera, Frelimo inakankhira mafumu pambali powaona ngati zida za atsamunda, n'kuika alembi a chipani m'midzi. Lamulo la Decreto 15/2000 linawazindikiranso mafumuwo, pamodzi ndi alembi aja, ngati atsogoleri a m'madera. Lero pamwambo wa boma onsewa amakhala kutsogolo. Amene watchulidwa poyamba, amene wapatsidwa mpando wokhala ndi chotsamira, ndi amene anthu amuwombera m'manja mochokera pansi pa mtima, zimauza woonerera za mphamvu zenizeni za m'deralo kuposa zimene zili papepala.

Kodi ulemu umenewu sukubisa kuponderezana? Amagwada ndi amayi, amakhala pampando ndi abambo.

Funso ili ndi lolemera kuposa onse, ndipo aliyense wokonda chikhalidwe chathu ayenera kuliyankha moona. Poyamba tisafulumire kuwerenga thupi la munthu ngati kuti likunena chinthu chimodzi. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930 ndipo analemba Children of Their Fathers, anaonetsa kuti ana a Angoni ankaphunzitsidwa ulemu ndi kudzigwira monga chizindikiro cha munthu woleredwa bwino, anyamata ndi atsikana omwe. Ndipo kumtunda kuno, kumene Angoni anatenga chilankhulo cha Achewa ndi miyambo yambiri ya chikamwini, mayi amene wagwada popereka madzi angathe kukhala mwini munda, mwini mudzi ndi mwini mbumba, pamene bambo wapampandoyo ndi mkamwini amene akhoza kuuzidwa kuti anyamule bulangeti lake. Mlendo amene waona kugwada kokha n'kulemba kuti amayi alibe mphamvu waona theka la nkhani.

Koma theka linalo lilipo, ndipo n'kulakwa kulibisa. Pitani pachigayo. Matumba ndi madengu a chimanga afoledwa pamzere kuimira eni ake, ndipo eni akewo, pafupifupi onse amayi ndi atsikana, akhala pa zitenje m'mbali mwa khoma, tsitsi litayera ndi ufa wouluka, kudikira mwina theka la tsiku. Pamjigo n'chimodzimodzi. Pabwalo la milandu, amene amalankhula nthawi yaitali ndi abambo, ndipo mayi nthawi zambiri amalankhuliridwa ndi malume ake kapena mlongo wake. Mtsikana amene waphunzitsidwa kuti kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano amavutika kukana pamene wamkuluyo akufuna zosayenera. Wosauka amalonjera wolemera ali patali, wolemerayo amayankha ndi mutu wokha.

Ndiye tisiyanitse bwanji ulemu womanga ndi ulemu wopondereza? Muyeso wanga ndi uwu: kodi ulemuwo umabwerera? Mfumu yeniyeni ikawomberedwa m'manja nayonso imawomba n'kunena "zikomo". Gogo akagwadiridwa ndi mdzukulu amamutcha dzina laulemu, amamupatsa chimanga chokazinga, amamuimira pa mlandu. Pamenepo aliyense wapereka ndipo aliyense walandira. Koma pamene mmodzi amagwada chaka ndi chaka osalandira kanthu, ndipo akangoima amalangidwa, umenewo ndi mantha ovekedwa dzina la mwambo. Kuyang'anitsitsa ndiko kumatithandiza kulekanitsa ziwirizi, pamene wotamanda miyambo yonse ndi wonyoza miyambo yonse amaziphatikiza.

Mwatchula nkhondo. Kodi moni ungakhudzane bwanji ndi chinthu chachikulu chotero?

Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo inasakaza Angónia kwambiri m'zaka za m'ma 1980. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Ajezuiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Alves Moreira, anaphedwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi. Midzi inatsala mabwinja. Anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angónia anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, nthawi zina pakati pa abale awo enieni. M'masiku amenewo funso wamba lakuti "ulendo wakuti?" linali loopsa, chifukwa yankho likanatha kumuphetsa munthu. Nkhondo inawononga nyumba ndi minda, komanso inawononga chikhulupiriro chakuti wokumana naye panjira ndi munthu mnzako.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Dziko linasankha chikhululukiro cha onse, ndipo silinakhazikitse bungwe lofufuza zoona ngati limene South Africa inadzakhala nalo. Tanthauzo lake kumudzi linali lakuti anthu amene anali mbali zosiyana, ena akudziwana bwino zimene anachitirana, anabwerera kudzatunga pachitsime chimodzi. Harri Englund, amene anachita kafukufuku m'malire a Dedza ndi Angónia ndipo anatulutsa buku lakuti From War to Peace on the Mozambique-Malawi Borderland mu 2002, anaonetsa kuti nkhondo, kuthawa ndi kubwerera zinadutsa m'maubale a anthu, m'mabanja ndi m'mikangano ya ufumu wa m'midzi, osati m'zipani zokha. Ine ndikuonjezera kuti ntchito yaikulu ya mtendere inagwera pa tinthu tating'ono tomwe tija. Kuyankha moni wa munthu amene ukumukayikira, kupita kumaliro a kwawo, kugula nyemba zake, kukhala naye benchi limodzi pa Misa: zimenezi sizinalembedwe m'pangano la ku Rome, koma popanda izo panganolo likanakhala pepala.

Wina adzati kumeneko ndi kukwirira bala lisanapole, ndipo sakunama. Pali amasiye amene analonjera kwa zaka zambiri anthu amene mumtima sanawakhululukire, ndipo palibe anawafunsa. Moni unapangitsa kuti anthu athe kukhalira limodzi. Sunabweretse chilungamo, ndipo mtengo wa bata limenelo unalipiridwa kwambiri ndi amene anakhala chete.

Kodi mafoni ndi njinga zamoto sizikuthetsa zonsezi?

Zikusintha, ndipo kusinthako kukuoneka. Woyenda pansi amaima n'kucheza, wanjinga yakapalasa amachepetsa liwiro n'kufuula moni, wanjinga yamoto amangoliza hutala ndi kukweza dzanja. Akuluakulu amadandaula kuti achinyamata amadutsa makutu atatseka ndi timawaya, ndipo dandaulo lawo lili ndi maziko, chifukwa moni wofupika umanyamula nkhani zochepa. Komabe mnyamata yemweyo akaimba foni kwa malume ake amene ali ku Tete kapena ku Johannesburg sayamba ndi chimene akufuna. Amafunsa kaye za kudzuka, za ana, za ntchito, mayunitsi akutha, kenako ndiye amatchula za feteleza. Wakabaza wa njinga yamoto amadziwa kuti makasitomala ake ndi anthu amene amawalonjera, ndipo ambiri akafika pamasamba a maliro amachepetsabe liwiro.

Pofunika kuyang'anitsitsa m'zaka zikubwerazi ndi pamene ndalama zikulowa m'malo mwa thupi la munthu. M-Pesa ndi e-Mola zapangitsa kuti mwana wa kutali atumize chipepeso tsiku lomwelo, ndipo ndalamazo zimagula bokosi ndi ufa wa anamfedwa. Kwa amene ali ku Beira kapena ku South Africa, mudzi umavomereza. Nkhani imavuta ndi amene ali pafupi, ku Ulónguè kapena ku Domwe, woti akanatha kufika koma watumiza ndalama pafoni n'kupitiriza malonda ake. Mabanja ena amalandira n'kuthokoza, ena amalandira koma n'kusunga mumtima, ndipo mkangano wakuti munthu wotere wapepesa kapena sanapepese ukuchitika panopa m'masiwa ndi pansi pa mitengo ya milandu.